Mbiri ya Sukulu ya Brockton ndi Mayeso a Boma la Massachusetts

Dziko la United States of America lagawidwa m'zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, Bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Za maphunziro a ana zili m'manja mwa maboma a zigawowo, kotero kuti chigawo chilichonse chisankha chokha mayeso amene ana ake alembe. Kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuli chigawo cha Massachusetts, chimene mzinda wake waukulu ndi Boston. Munthu wochoka ku Boston kulowera kumwera ayenda mailosi ngati 25 nafika ku Brockton, mzinda umene mbiri ino ikamba za sukulu yake ya sekondale.

Kale mzindawu unkatchedwa North Bridgewater, ndipo dzina la Brockton unalitenga m'chaka cha 1874. Unakula ndi ntchito yosoka nsapato, pakuti mafakitale ake anali kuveka anthu a dziko lonselo. Unatchukanso ndi nkhonya. Rocky Marciano, amene anamenya nkhonya zolipidwa 49 osagonja ngakhale kamodzi, anabadwira komweko, ndipo Marvin Hagler, katswiri wa dziko lonse lapansi kuyambira 1980 kufikira 1987, anaphunzira lusolo mumzinda womwewo. Koma mafakitale a nsapato anatsekedwa imodziimodzi, anthu achuma anasamuka, ndipo m'nyumba zawo munalowa alendo osauka, makamaka ochokera ku Cape Verde ndi ku Haiti, amene ambiri a iwo pakhomo sanali kulankhula Chingerezi. Ana a anthu onsewa anali kusonkhana pa sukulu imodzi, Brockton High School. Nyumba zake zinatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo m'zaka za m'ma 2000 inali ndi ophunzira oposa 4,000, kuposa sukulu ina iliyonse ya sekondale m'chigawocho.

Mayeso olemba si chinthu chachilendo ku Massachusetts. Horace Mann, amene anakhala mlembi woyamba wa Bungwe la Maphunziro la chigawocho m'chaka cha 1837, sanakondwe ndi mwambo wakale wakuti akuluakulu afike pa sukulu kamodzi pachaka namvetsera ana osankhidwa akulakatula zimene analoweza. M'chaka cha 1845 komiti ya sukulu za mu Boston inasindikiza mafunso niwapereka kwa ana oposa 500 kuti ayankhe ndi cholembera. Zotsatira zinachititsa manyazi aphunzitsi. Ana anali kudziwa mawu a m'buku, koma pofunsidwa tanthauzo lake anangoti kakasi. Mann yemweyo ndiye analimbikira kuti boma litsegule sukulu zophunzitsa aphunzitsi. Yoyamba inatsegulidwa ku Lexington mu 1839, ndipo ina ku Bridgewater mu 1840, pafupi ndithu ndi Brockton.

Mayeso amene anagwedeza sukulu ya Brockton anabadwa ndi mlandu. Ku America gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu lichokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a mumzinda momwe muli sukuluyo. Mzinda wa anthu olemera ukhala ndi sukulu zolemera, wa osauka ukhala ndi zosauka. M'chaka cha 1978 makolo a ku Brockton ndi a mizinda ina yosauka anasumira boma m'dzina la ana awo. Mlanduwo unagona zaka 15, ana oyamba aja mpaka anakula natsiriza sukulu, ndipo unadzadziwika ndi dzina la McDuffy. Pa 15 June 1993 Bwalo Lalikulu la milandu la chigawocho linagamula kuti malamulo aakulu a Massachusetts, amene John Adams analemba ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1780, aika pa boma udindo wophunzitsa mwana aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ndi kuti boma linali litalephera pa udindowo. Patapita masiku atatu okha Bwanamkubwa William Weld anasaina lamulo latsopano la maphunziro.

Lamulolo linali ndi manja awiri, lopatsa ndi lolanda. Ndi dzanja lina boma linalonjeza kuwonjezera ndalama za sukulu chaka ndi chaka kwa zaka 7, makamaka m'mizinda yosauka. Ndi dzanja linalo linafuna kuona chimene ndalamazo zagula. Linakonza mayeso amodzi a chigawo chonse, otchedwa MCAS, ndipo linalamula kuti m'tsogolo mwana asalandire setifiketi yotsirizira sekondale ngati sanakhoze Chingerezi ndi masamu a m'chaka chake cha 10 cha sukulu, chimene kwa wowerenga wa kuno chilingana ndi Fomu 2. Malikisi anali kuyambira 200 kulekeza 280, ndipo wokhoza anayenera kufika pa 220. Oyamba kumangidwa ndi lamulolo anali ana otsiriza sukulu mu 2003, ndiwo amene anadzalemba mayeso mu 2001.

Mayeso analembedwa koyamba mu 1998, asanayambe kumana munthu setifiketi. Pa sukulu ya Brockton, mwa ana 100 alionse 44 analephera Chingerezi ndipo 75 analephera masamu. Sukuluyo inali pakati pa zotsalira kwambiri m'chigawo chonse, ndipo nyuzipepala za ku Boston sizinabise. Panthawiyo mwana mmodzi mwa atatu anali kusiya sukulu asanatsirize. Aphunzitsi ena anali ndi mawu amene anali kuuzana m'makonde, akuti mwana ali ndi ufulu wolephera ngati afuna. Mawuwo anali omveka ngati aulemu, koma kunsi kwake kunali kutaya mtima. Sukulu inali kunyadira mpira, oimba ake ndi zisudzo, ndipo pa zimenezo inalidi yopambana. Za m'kalasi anthu anazolowera kuti ana a amphawi ndi a alendo afika pomwe afikapo.

Tsono panaoneka kuti mu 2003 ana mazanamazana adzatuluka pa sukulu chimanjamanja. Mayi Susan Szachowicz, mphunzitsi wa mbiri yakale amene nawonso anaphunzira pa sukulu yomweyo, ndi Bambo Paul Laurino, mkulu wa aphunzitsi a Chingerezi, anayamba kukumana Loweruka pamodzi ndi anzawo alionse amene anavomera kubwera. Kagulu kameneka ndiko kanakhala komiti yokonzanso sukulu. Sanaitane akatswiri akunja, ndipo boma silinawatumizire mphunzitsi wamkulu watsopano. Anali aphunzitsi omwe aja, m'nyumba yomwe ija, ndi ana omwe aja.

Chimene anayamba kuchita chinali cholakwa, ndipo Mayi Szachowicz anakhala akuchisimba okha m'misonkhano ya aphunzitsi kwa zaka zambiri pambuyo pake. Komiti inatenga mapepala a mayeso apitawo niwasanthula, ndipo inapeza kuti munali mafunso a zolemba za Shakespeare. Anaganiza kuti apeza mankhwala. Chaka chimenecho ana a Brockton anadyetsedwa Shakespeare m'mawa ndi masana. Tsiku la mayeso litafika, pepala linatsegulidwa, ndipo za Shakespeare munalibe. Zotsatira sizinasinthe. Mphunzitsi aliyense amene anakhalapo usiku ndi mapepala akale a mayeso, kuyesa kulosera chimene chidzabwera, adziwa mtima umene anzake a ku Brockton anali nawo. Anatchera msampha pa njira imene nyama inadzera dzulo, osafunsa kumene imamwa madzi.

Kulephera kumeneku kunawabwezera ku mapepala aja ndi funso lina. Analeka kufunsa kuti mayeso adzafunsa chiyani, nayamba kufunsa chimene mwana ayenera kutha kuchita kuti ayankhe funso lililonse limene angapatsidwe. Poyang'ananso anaona kuti m'mayeso a Chingerezi ndi a masamu omwe munali mafunso ofuna kuti mwana alembe yankho lake m'mawu akeake, kufotokoza ndi kupereka zifukwa. Pa mafunso amenewa ana a Brockton ambiri anali kusiya pepala loyera, kapena kulemba mzere umodzi wosagwirizana ndi funso. Vuto silinali kusadziwa Shakespeare. Ana sanali kutha kuwerenga funso ndi kumvetsa chimene likufuna, ndipo akalimvetsa sanali kutha kuyala maganizo awo pa pepala.

Komiti inalemba maluso anayi amene inati ndiwo ntchito ya mphunzitsi aliyense pa sukulupo: kuwerenga, kulemba, kulankhula ndi kulingalira. Pansi pa luso lililonse inandandalika zimene mwana ayenera kuchita, ndipo mapepala amenewa anapachikidwa m'chipinda chilichonse chophunziriramo. Koma sanayambe zonse pamodzi. Anasankha kulemba, ndipo m'kulembamo anasankha chinthu chimodzi, ndicho kuyankha funso lochokera pa ndime imene mwana wawerenga.

Njira yake inali yapafupi, yoti mphunzitsi wa Sitandade 6 angaizindikire. Mwana ayambe wawerenga funso asanaone ndimeyo. Azunguze ndi pensulo mawu olamula, monga akuti fotokoza, yerekeza kapena tchula, ndipo adule mzere kunsi kwa mfundo zofunika. Kenaka atembenuze funsolo likhale chiganizo choyamba cha yankho lake, kusiya mipata pamene asanadziwe choikapo. Atatero awerenge ndimeyo cholembera chili m'manja, akusaka zodzaza m'mipata muja. Akonze mfundo zake pa kapepala kapadera, kuti aone iti iyambe ndi iti itsirize, ndipo pamenepo ndi pamene alembe. Pomaliza awerengenso zimene walemba nakonze. Palibe chachilendo pamenepa. Mphamvu yake inali pakuti mwana anakumana ndi njira imodzimodziyo m'kalasi iliyonse imene analowa.

Komiti inapanga kalendala. Sabata ina aphunzitsi onse a mbiri yakale anapatsa ana awo ntchito yolemba yotere, kuchokera m'phunziro lawo lomwe. Patapita masabata angapo inali nthawi ya aphunzitsi a sayansi, kenaka a masamu, a zinenero, a nyimbo, mpaka a masewera olimbitsa thupi. Onse anachonga ndi muyeso umodzi, kotero kuti yankho lolandira malikisi apamwamba kwa mphunzitsi wa sayansi likanalandira omwewo kwa wa Chingerezi. Akulu a magulu a aphunzitsi anali kusonkhanitsa mapepala a ana ochongedwa kale ndi kuwayerekeza. Pamenepo panaonekera zimene kale zinali kubisika kuseri kwa chitseko: mphunzitsi amene sanapereke ntchitoyo, amene anaipereka koma osachonga, ndi amene anali kupatsa malikisi ochuluka pa ntchito yofooka chifukwa chomvera ana chisoni.

Nanga aphunzitsi a masamu ndi a masewera akanaphunzitsa bwanji kulemba, iwo osaphunzira ntchitoyo? Pangano la pakati pa bungwe la aphunzitsi ndi akulu a sukulu linali kupatula maola awiri pa mwezi a misonkhano, imene kale inali kuthera pa zolengeza. Komiti inatenga maolawo niwasandutsa sukulu ya aphunzitsi. Aphunzitsi anakhala m'timagulu, mnzawo wa m'komiti nawaphunzitsa monga momwe iwo akaphunzitsire ana, iwo eni akuzunguza mawu ndi kulemba mayankho. Atsogoleri anasamala kuti asapyole pa zimene panganolo linalola, ngakhale ndi mphindi, pakuti anadziwa kuti mkangano ndi bungwe ukanapha ntchito yonse.

Si onse anakondwa. Ena anati aona kale nzeru zatsopano zambiri zikubwera ndi kupita, ndipo iyinso ipita. Ena anaopa mulu wa mapepala ochonga. Ena ananena poyera kuti analembedwa ntchito kuti aphunzitse phunziro lawo, osati Chingerezi. Mayi Szachowicz pambuyo pake anali kunena kuti akadadikira kuti onse avomere, sakadayamba konse; anthu ambiri anavomera ataona zotsatira. Otsutsa ena anasamukira kwina kapena kupuma pa ntchito, ndipo mmodzi anachotsedwa potsata malamulo a ntchito. Wowerenga asaganize kuti nkhaniyi inali ya chimvano chokhachokha. Inali ndi kukakamiza mkati mwake, ndipo aphunzitsi ena okalamba anachoka ndi mtima wowawa.

Mu 2001 chiwerengero cha olephera Chingerezi pa sukulupo chinatsika pafupifupi ndi theka, ndipo Bambo David Driscoll, mkulu woyang'anira maphunziro m'chigawo chonse, anapita ku Brockton kukalengeza kuti sukuluyo yaposa zonse pa kusintha. Pano pafunika kudekha, pakuti nkhaniyi isimbidwa kawirikawiri mopanda mbali yake ina. Chaka cha 2001 ndicho chinali choyamba chimene mayeso anali ndi mano. M'chigawo chonse olephera Chingerezi anatsika kuchoka pa 34 kufika pa 18 mwa 100 alionse, ndipo olephera masamu kuchoka pa 45 kufika pa 25. Ana amene kale anali kulemba mwamphwayi, podziwa kuti palibe chimene ataye, tsopano analemba ndi mtima wonse. Gawo lina la kukwera kwa Brockton linali madzi osefukira amene anakweza mabwato onse. Ndalama za lamulo la 1993 nazonso zinali zitafika, ndipo ana olemba mu 2001 anali ataphunzira pafupifupi zaka zawo zonse za pulaimale pansi pa lamulolo.

Umboni wolimba unadza pambuyo pake, chifukwa sukuluyo sinaime pamene zinzake zinaima. Mayi Szachowicz anakhala mphunzitsi wamkulu mu 2004, ndipo komiti inapitiriza kuwonjezera luso limodzi pa nthawi: kuwerenga ma girafu ndi matebulo, kumasulira mawu achilendo poyang'ana mawu oyandikana nawo, kulankhula pamaso pa anzako m'ziganizo zathunthu. Bambo Ronald Ferguson a pa yunivesite ya Harvard anayesa sukulu za chigawocho m'njira yachilungamo kuposa kungowerenga okhoza. Anayerekeza malikisi a mwana m'chaka chake cha 8, asanalowe sekondale, ndi amene anapeza m'chaka cha 10, kuti aone chimene sukulu yawonjezera. Pa muyeso umenewu, m'Chingerezi, Brockton inaposa sukulu 90 mwa 100 zilizonse za ku Massachusetts, ngakhale kuti ana ake ngati awiri mwa atatu anali ochokera m'mabanja osauka oyenera kulandira chakudya chamasana chaulere kapena chotsika mtengo. Mu September 2010 nyuzipepala ya New York Times inalemba za sukuluyo, ndipo inaonetsa kuti ikutsutsa chiphunzitso chimene chinali chitafala m'zaka zimenezo, chakuti sukulu yaikulu siingakonzeke pokhapokha itagawidwa kukhala tisukulu ting'onoting'ono. Pofika 2012 olephera Chingerezi anali ngati 2 mwa 100, ndipo olephera masamu osafika 10.

Masamu sanakwere msanga ngati Chingerezi, ndipo pa muyeso wa Bambo Ferguson sukuluyo sinaoneke yopambana pa phunziro limenelo. Ichi sichodabwitsa. Kulemba bwino kuthandiza mwana kufotokoza njira imene wapezera yankho, koma sikumupatsa masamu amene sanawaphunzire ali wamng'ono. Mwana wofika ku sekondale osadziwa kugawa ndi kuchulukitsa asenza ngongole ya ku pulaimale, ndipo zaka ziwiri sizikwana kuibweza yonse.

Otsutsa mayeso a MCAS sanatonthole m'zaka zonsezi. Anati mayeso amodzi sayenera kutsekera mwana khomo pambuyo pa zaka 12 za sukulu, ndi kuti amene anali kugwa kwambiri anali olumala ndi ongoyamba kuphunzira Chingerezi, ngakhale kuti lamulo linawalola kubwereza kangapo. Anatinso sukulu zambiri zinachepetsa maphunziro ena kuti zipeze nthawi yokonzekera mayeso. Mbiri ya Brockton ipatsa mbali zonse ziwiri chogwira. Popanda mantha a 2003 n'kovuta kukhulupirira kuti aphunzitsi aja akadataya Loweruka lawo, pakuti ana anakhala akulephera zaka zambiri popanda wotekeseka. Komanso mantha omwewo ndiwo anabala chaka cha Shakespeare, ndipo sukulu zina zinakhala m'chaka chotero mpaka kalekale.

Mayi Szachowicz anapuma pa ntchito kumapeto kwa 2012. Zaka zotsatira sizinali zofewa. Ndalama za sukulu za mumzindawo zinayamba kuperewera, ndipo aphunzitsi anachepetsedwa kangapo. Kuyambira 2019 ana a chaka cha 10 analemba mayeso a mtundu watsopano pa kompyuta, motero malikisi ake sayerekezeka mwachindunji ndi akale. Mliri wa Covid-19 unatseka sukulu mu 2020. Mu August 2023 kunadziwika kuti thumba la sukulu za mzindawo laperewera ndi madola oposa 14 miliyoni, ndipo pa sukulu ya sekondale ija makalasi ena anakhala opanda mphunzitsi, ndewu nizichuluka m'makonde. Mu February 2024 mamembala anayi a komiti ya sukulu za mzindawo analemba kalata yopempha kuti asilikali a chigawo, otchedwa National Guard, abwere kudzasungitsa bata. Bwanamkubwa Maura Healey sanawatumize.

Chaka chomwecho bungwe la aphunzitsi la Massachusetts Teachers Association linatengera nkhani ya mayeso kwa anthu ovota. Pa 5 November 2024 anthu ngati 59 mwa 100 alionse anavomera kuti kukhoza MCAS kuleke kukhala khomo la setifiketi. Mayesowo sanathetsedwe, ana anapitiriza kuwalemba ndipo zotsatira za sukulu iliyonse zinapitiriza kulengezedwa. Koma ana amene anatsiriza pa Brockton High School mu 2025 analandira setifiketi popanda kufunsidwa ngati anakhoza mayeso a boma.